Mvula ikakusokonezani ulendo wokwera phiri: zoyenera kuchita kuyambira ku Harare mpaka kubwerera

Ikangofika Disembala magulupu athu a pa WhatsApp kuno ku Harare amadzaza ndi nkhani imodzimodzi, anthuni tiyeni tikakwere phiri holide ino, wina akuti Nyangani wina akuti Domboshava ndiye pafupi, msungichuma wayamba kale kutolera ndalama, masikipa ofanana asindikizidwa. Tsiku lafika, kombi yanyamuka m'mamawa ku Mbare kapena ku Mufakose anthu akuimba makolasi, kufika pa Macheke kumwamba kwada bii, kufika pa Rusape chimvula chatsika choti a dalaivala sakuiona ndi galimoto ya kutsogolo yomwe, basi ulendo wathera pomwetsera mafuta, ena akuti tipitirire tinalipira kale, ena akuti tibwerere, pofika madzulo anthu atatu atuluka mu gulupu osatsanzika.

Zimachitika chaka ndi chaka, chifukwa palibe amene amakhala pansi ulendo usanayambe kunena kuti mvula ikagwa tidzachita chakutichakuti. Munthu woti walipira madola ake, wadzuka 4 koloko, wauza kale achibale a ku Blantyre kuti adikire zithunzi, simungamuuze zobwerera muli panjira, samva. Zimenezo zimakambidwa mukadali ku Harare mitima ili m'malo. Ndiye malangizowa ndi a inu amene mumakonza maulendo otere, kaya ndi achinyamata a ku mpingo, kaya anzanu a kuntchito, kaya ndi banja chabe.

Zoti mukhale nazo

- Jasi ya mvula, aliyense yake. Ambulera isiyeni m'galimoto, kuphiri mphepo imangoitembenuza komanso manja onse awiri mumawafuna.
- Nsapato zokhakhala kunsi, zoti munaziyenderapo kale. Zatsopano zimatupitsa matuza, mapatapata ndiye musayerekeze.
- Juzi kapena jekete yofunda yomwe si ya thonje. Jinzi ayi, ikanyowa imalemera ndipo siuma tsiku lonse.
- Zovala zina zouma ndi masokosi, zomanga mu jumbo, zotsala m'galimoto.
- Majumbo akuluakulu akuda aja otayira zinyalala, awiri munthu aliyense.
- Foni yodzaza moto ndi pawa banki. M'gulumo mukhale ena a Econet ena a NetOne, chifukwa pomwe netiweki ina yathawa ina imagwirako.
- Tochi ndi wezulo.
- Madzi akumwa malita awiri munthu mmodzi, fulasiki ya tiyi wa shuga wambiri, mtedza, mbatata yophika, buledi, maputi, zinthu zodya mutaimirira.
- Kabokosi ka bandeji, pulasitala ndi panado, komanso wa asima kapena shuga asaiwale mankhwala ake.
- Ndodo yoyendera.
- Ndalama za m'manja, madola osinthasintha, poti netiweki ikathawa EcoCash ilibe ntchito.
- Chitupa kapena pasipoti. Pa geti ya Zimparks, bungwe loyang'anira mapaki a boma, mtengo wa nzika ndi wa mlendo umasiyana, ndiye amene muli ndi pasipoti ya Malawi dziwiranitu zimenezi musakadabwe pa geti anzanu atalowa.
- Galimotoyo ikhale ndi matayala osaperepeseka, mawaipa ogwira, magetsi onse oyaka, sipeya, jeke ndi chingwe chokokera. Muione ndi maso anu dzulo lake, osangomva za eni ake kuti ili bwinobwino.

Sitepe 1: Yang'anani mwezi kenako musankhe phiri

Mvula ya kuno imayamba cha mu Novembala mpaka Malichi, yambiri imagwa Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Ndiye holide ya Khirisimasi ija tonse timapeza mpata ndi nthawi yomwe mapiri amavuta kwambiri. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala, kungoti Juni ndi Julayi ku Nyanga kumazizira koopsa.

Ngati mpata wanu ndi wa Disembala basi, sankhani phiri la pafupi. Domboshava ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa tauni, mumangotsata msewu wa Borrowdale kudutsa Hatcliffe, ndipo Ngomakurira ili patsogolo pake pang'ono. Kumeneko mukaona kuti kwada mumangotembenuka, mwataya mafuta ochepa, Loweruka linalo mupitanso.

Nyangani ndi nkhani ina. Ndi phiri lalitali kuposa onse mu Zimbabwe, mamita 2,592, lili mkati mwa Nyanga National Park, ndipo kuchokera ku Harare ndi makilomita opitirira 250. Mapiri a kummawa amenewa, Nyanga, Vumba ndi Chimanimani, ndi amene amayamba kulandira mphepo yonyowa yochokera ku nyanja ya Indian kudzera ku Mozambique, ikagunda phiri imakwera, kuzizira, n'kusanduka mitambo. N'chifukwa chake ku Harare kumatha kukhala dzuwa lowotcha kumeneko kukugwa mvumbi, ngakhale m'chilimwe kumabwera kamvula kowaza ka nkhungu kaja kwathu timati chiperoni. Harare ili pa mamita pafupifupi 1,500, ndipo mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono, musanawerengere mphepo ndi kunyowa.

Chenjerani: kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya anamondwe. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anakokolola misewu ndi milatho ku Chimanimani ndi ku Chipinge, anthu mazanamazana anafa, ndipo ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa, tikukumbuka zomwe Freddy anachita ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023. Mukamva kuti namondwe wayandikira gombe la Mozambique, ulendo wa kummawa ufafanizeni pompo, palibe zoti tiyeni tikaonere konko.

Sitepe 2: Gwirizanani zinthu zinayi musanatolere ndalama

Apa ndi pomwe magulu ambiri amalumpha, ndiye ndikhalitsapo.

Choyamba, sankhani munthu mmodzi amene akanena kuti tikubwerera ndiye kuti mukubwereradi. Asakhale msungichuma, chifukwa iyeyo maganizo ake amakhala pa ndalama zomwe zapita kale, komanso asakhale a tcheyamani chabe chifukwa choti ndi a tcheyamani. Akhale munthu woti anakwerapo mapiri ndipo saopa kudedwa tsiku limodzi. Ngati m'gulumo muli akuluakulu, abusa kapena amayi a Mvano, apempheni mwaulemu pamaso pa onse kuti patsikulo adzamvere mnyamatayo kapena mtsikanayo, chifukwa chikhalidwe chathu mukuchidziwa, bambo wamkulu akangoti ana inu tiyeni Mulungu atiteteza palibenso wachinyamata amene angatsegule pakamwa, ndiye ndi bwino chilolezocho chiperekedwe kukadali kouma.

Chachiwiri, ikani ola lotembenukira. Mvula ya mabingu nthawi zambiri imabwera masana kupita kumadzulo, ndiye nyengo ya dzinja muzikhala mwayamba kutsika pofika 12 koloko, kaya mwafika pamwamba kaya simunafike. Lembani olalo mu gulupu aliyense aone.

Chachitatu, ndalama. Lembani poyera kuti pa ndalama yomwe aliyense akupereka, yakuti ndi ya galimoto ndi mafuta ndi matolugeti ndipo tikangonyamuka sibwerera, yakuti ndi yolowera pa geti ndi ya gaidi wotilondolera njira, imeneyo tikapanda kukwera ibwezedwa kapena isungidwa. Ya pa geti musaiphatikize ndi ya chakudya, ikhale mu envulopu yakeyake. Ndipo kambiranani ndi mwini kombi musanapereke dipoziti, mumufunse kuti tikasintha tsiku chifukwa cha mvula dipoziti isamukira tsiku linalo kapena yapita, tikabwerera pa Rusape mutichotsera zingati, tikagona konko usiku umodzi muwonjezera zingati. Ayankhe pa meseji, osati pakamwa. Chimodzimodzi ndi a malo ogona. Onjezaninso kandalama kapadera pamutu pa aliyense kogonera mwadzidzidzi, kakapanda kugwira ntchito mudzagawana.

Chachinayi, khalani ndi tsiku lachiwiri. Ngati ndi Nyanga musapange ulendo wopita ndi kubwerera tsiku lomwelo nyengo ya mvula, maola anayi kupita maola anayi kubwerera, mufika kumeneko dzuwa lili pamutu nthawi yomwe mitambo yayamba kusonkhana, ndipo poti mwachokera kutali mudzakakamira. Pitani Lachisanu mukagone, mukwere Loweruka m'mamawa, likakanika muli ndi Lamulungu m'mamawa.

Chenjerani: musavote muli panjira. Voti ya m'kombi amapambana ndi aphokoso, ndipo amene ali ndi mantha enieni, amayi oti abwera ndi ana, amangokhala chete.

Sitepe 3: Onani zanyengo za komwe mukupita

Yambani masiku atatu ulendo usanafike, muonenso usiku wake, muonenso m'mamawa musanakwere galimoto. A nthambi ya boma yoona zanyengo, Meteorological Services Department, amalengeza pa wailesi, pa TV ndi pa masamba awo a pa intaneti, ndipo akatulutsa chenjezo la mvula yamphamvu ku Manicaland, komwe kuli Nyanga, kapena ku Mashonaland East, komwe kuli Domboshava, limenelo ndi lanu. Pa foni mutha kuonanso pa masamba a zanyengo a Windy kapena Yr, koma lembani Nyanga kapena Domboshava, anthu ambiri amangotsegula foni n'kuona kadzuwa ka Harare basi n'kulengeza mu gulupu kuti kuli bho. Muyang'ane ola ndi ola, ndipo muyang'ane chizindikiro cha mphezi, osangoona maperesenti.

Kenako imbani foni kumeneko. Wa ku malo ogona, wa ku ofesi ya paki kapena m'bale amene amakhala ku Nyanga akuuzani zomwe foni singakuuzeni, monga kuti yagwa masiku angati motsatizana, msewu wafumbi wopita patsinde pa phiri ukudutsika kapena ayi, phirilo likuoneka kapena labisala.

Chenjerani: mvula ya dzulo ndi dzana imawerengedwanso. Kutha kucha bwinobwino lero koma nthaka itakhuta kale madzi, njira ili matope okhaokha, timitsinje tili todzaza.

Sitepe 4: Longedzani

Jumbo lakuda lija lilowe kaye m'chikwama, katundu alowe mu jumbomo, mumange pakamwa. Foni ndi ndalama mu kajumbo kena. Jasi ya mvula ikhale pamwamba penipeni. Jumbo lachiwiri mukaliboola pamutu ndi m'manja limasanduka jasi ya amene waiwala yake, ndipo woiwala sasowa.

Sitepe 5: Yakupezani pamsewu

A dalaivala achepetse liwiro, ayatse magetsi ngakhale ndi masana, asiye mpata waukulu ndi galimoto ya kutsogolo. Madzi akachuluka pa tala tayala limayandama ndipo mabuleki sagwira, komanso maenje onse amabisala m'madzimo. Inu okwera lekani kuwathamangitsa kuti tachedwa, ndipo wailesi itsike. Ikafika poti kutsogolo sikukuoneka, patukani mutuluke mumsewu kwathunthu, makamaka pa malo ogulitsira kapena omwetsera mafuta, muyatse mahazadi mudikire. Pansi pa mtengo ayi. Chimvula cha mabingu kawirikawiri sichikhalitsa, chomwe chimatha tsiku lonse ndi mvumbi.

Pa msewu wa ku Mutare ikani malo awiri oima n'kuganiza, pa Marondera ndi pa Rusape. Pa Rusape ndi pomwe mumapatukira kulowera ku Juliasdale ndi Nyanga, kuchokera pamenepo msewu umayamba kukwera ndi kukhotakhota ndipo nkhungu imakonda kutchinga. Imaninso pamenepo, muimbenso foni kutsogolo, munthu munamusankha uja anene.

Tsono nkhani ya milatho yotsika, iyi ndiye imapha anthu chaka chilichonse ndipo apolisi amachenjeza mpaka kutopa. Madzi akadutsa pamwamba pa mlatho musawoloke, kaya ndi pagalimoto kaya wapansi. Madzi othamanga ofika m'kakolo, masentimita 15 okha, amagwetsa munthu wamkulu. Masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, 60 amakokolola ngakhale zikuluzikulu zomwe. Komanso simukudziwa ngati mlathowo ukadalipo pansi pa madziwo. A dalaivala ena amati ndimadutsa pano daily, ena amaona lole yawoloka ndiye nawonso alowe, zikatero tsikani nonse muime kumtunda, muone ngati angalowe okha. Madzi otere amaphwa pakapita maola angapo mvula ikasiya kumtunda, kudikira kwake n'kotopetsa koma n'komweko.

Chenjerani: misewu ya mkati mwa paki ndi yopita ku Ngomakurira chakumapeto ndi yafumbi. Kombi yodzaza anthu ikatitimira pamenepo mutha tsiku mukukankha, kenako sipeya ipezeke ilibe mpweya, paja mvula ikakuona litsiro sikata.

Sitepe 6: Mwafika patsinde, mukwere kapena ayi

Ku Nyangani yambirani ku ofesi ya paki, mulembetse maina ndi chiwerengero chanu, mutenge gaidi, ndipo akakuuzani kuti lero sikukwereka musayambe kunyengerera kapena kulowetsa dzanja m'thumba. Phiri limeneli anthu anasowapo osapezekanso mpaka lero. Eni dera ali ndi miyambo yawo yokhudza phirili ndipo gaidi akakuuzani zoti musachite mverani, ndi kwawo. Koma ngakhale amene simukhulupirira zimenezo dziwani kuti pamwamba pake ndi potambalala, pali madambo onyowa ndi maphompho, ndipo nkhungu imatha kutseka m'mphindi zochepa moti mnzanu ali apa osamuona. Ife odziwa mbiri ya Sapitwa ku Mulanje izi si zachilendo.

Musakwere ngati mwamva bingu ngakhale limodzi, ngati nsonga ya phiri yabisika mumtambo, ngati mitambo ikukula mokwera m'mwamba kunsi kwake kukuda, ngati mphepo yasintha mwadzidzidzi n'kuyamba kuzizira, kapena ngati mwafika mochedwa moti ola lotembenukira lija latsala pang'ono.

Ku Domboshava ndi Ngomakurira vuto ndi lina. Amenewa ndi matanthwe osalala opanda pobisala, pali ndere zomera pamwala zomwe kukauma zimangooneka zokongola, koma zikanyowa pamaterera ngati therere. Kukwera mutha kukwera, kutsika ndiye kumagwetsa anthu. Ikagwa dikirani mwala uume, dzuwa likatuluka sizitenga nthawi.

Chenjerani: werenganani musanayambe, ndipo mmodzi wamphamvu akhale kumbuyo kwa onse. Anyamata othamanga aja asapitirire gaidi.

Sitepe 7: Yakupezani muli pamwamba

Yambani ndi mphezi, chifukwa ndi imene siipereka mpata. Zimbabwe ndi dziko la mphezi zoopsa, moti pa 23 Disembala 1975 mphezi imodzi inapha anthu 21 omwe anabisala m'nyumba imodzi ku Manicaland, ndipo bungwe la World Meteorological Organization linailemba ngati mphezi imodzi yomwe inapha anthu ambiri mwachindunji pa dziko lonse. Kunali kummawa komweko komwe mukupita.

Mukaona kung'anima yambani kuwerenga mpaka mumve bingu. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Mukawerenga osafika 30 ndiye kuti ili mkati mwa makilomita 10 ndipo itha kukufikani. Chokani pansonga ndi pamsana pa phiri, tsikirani kumalo otsika koma osati mumkhwawa modutsa madzi. Talikiranani ndi mtengo woima wokha, chipilala cha pansonga, mpanda wa waya ndi chilichonse chachitsulo. Musaunjikane pamodzi, ndikudziwa mantha akagwira timafuna kugwirana manja n'kupemphera, pempherani koma motalikirana mamita angapo kuti ikagunda isagunde nonse. Ngati palibiretu kothawira, njutani mapazi ali pamodzi, musagone pansi. Timapanga tosaya ndi kunsi kwa miyala yolendewera, ngati komwe kuli zojambula zakale ku Domboshava, kumakopa chifukwa n'kouma koma sikoteteza ku mphezi. Malo abwino ndi m'galimoto ya denga lachitsulo mawindo atatsekedwa kapena m'nyumba yeniyeni. Mukamva bingu lomaliza dikirani mphindi 30 musanatulukenso. Ndipo munthu akagundidwa ndi mphezi mugwireni msanga mumuthandize, sakhala ndi magetsi m'thupi ngati momwe ena amanenera, ngati sakupuma yambani kumupopa pachifuwa wina akuimba foni.

Nkhungu ikatseka, imani. Werenganani. Ngati njira ikuoneka pansi ndipo gaidi alipo, tsikani pang'onopang'ono aliyense akuona msana wa mnzake. Ngati njira yasowa khalani pomwepo, valani zofunda, imbani wezulo katatu katatu, tumizani meseji ya komwe muli chifukwa meseji imadutsa pomwe foni ikukana kulowa. Amene amasowa ndi amene amati ndikaone kutsogoloku ndibweranso.

Potsika pamwala wonyowa yendani timasitepe tifupitifupi, pewani pomwe pali ndere ndi pomwe madzi akuyenderera, povuta khalani pansi mutsike chokhala, buluku lidzachapidwa. Kamtsinje komwe munalumpha m'mawa mukakapeza katadzaza, musawoloke, dikirani.

Sitepe 8: Wina wazizidwa mopitirira

Izi anthu sazitenga ngati nkhani chifukwa timati kuno ndi ku Africa, koma munthu wonyowa, wanjala, wotopa, mphepo ikumuwomba, thupi lake limazizira mpaka kufika poopsa ngakhale mu Disembala. Muone zizindikiro: kunjenjemera kosaleka, kulankhula mokoka lilime, kupunthwapunthwa, kuyankha zosagwirizana, kufuna kungogona. Ana ndi okalamba ndiwo amayamba.

Mubiseni ku mphepo, mumuvule zonyowa mumuveke zouma, mumufunditse mpaka kumutu, asakhale pamwala wozizira koma pachikwama. Ngati akutha kumeza bwinobwino mpatseni tiyi wa mu fulasiki uja ndi chakudya. Mowa ayi, umanamiza kuti watenthedwa pomwe ukutulutsa kutentha m'thupi. Akasiya kunjenjemera koma akuonekabe wosokonezeka ndiye kuti zafika poipa, ameneyo ndi wa kuchipatala msanga.

Sitepe 9: Phiri lakanika, tsikulo mulitani

Konzeranitu kopita kwina, mukuuze gulu lonse musananyamuke kuti pasadzakhale wonena kuti sitinagwirizane zimenezi. Ngati muli kale ku Nyanga, pali kanyumba kosungira zinthu zakale pafupi ndi Rhodes Nyanga Hotel, mutha kuyendanso pagalimoto mpaka ku Troutbeck, ndipo kukayera madzulo malo oonera patali a World's View mumafikako osakwera phiri. Ngati mwaimira pa Rusape, Mutare ili pa mtunda wosakwana makilomita 100 pa tala yekhayekha ndipo kuli Mutare Museum. Ngati ndi Domboshava mwabwerera, m'tauni muno muli National Gallery ndi Zimbabwe Museum of Human Sciences, kapena ingopitani kwa mmodzi wa inu amene ali ndi khonde lalikulu muphike nsima, nyama munagula kale.

Ofika kuchokera kuphiri atanyowa asinthe zovala asanakhale m'galimoto. Ndipo ngati kwada mvula ikugwabe, gonani konko ndi kandalama kapadera kaja, msewu wa ku Mutare usiku kuli mvula ndi malole si wosewera nawo.

Msungichuma alembe mu gulupu usiku womwewo kuti zalowa zingati, zatuluka zingati, zatsala zingati. Akadikira mpaka Lachitatu nkhani imakhala itayamba kale kuyenda m'mainbox.

Zolakwika zomwe anthu amabwerezabwereza

Kunyamuka mochedwa ndiye kholo la zonse. Mwati 5 koloko, wina akusita, wina akudikira kombi ya ku Chitungwiza, wina wakumbukira kuti sanagule eyataimu, mukutuluka m'tauni 8 koloko, ndiye kuti mwadzipereka nokha m'manja mwa mvula ya masana. Uzani anthu kuti galimoto inyamuka nthawi yakuti ndipo inyamukedi.

Kukhulupirira kuti yasiya. Mvula ya mabingu imapumira, kumayera pang'ono anthu n'kuyamba kukwera, kenako ina ikubwera kumbuyo kwa phiri komwe simukuona.

Kugawikana, ena akwere ena atsale, popanda kunena kuti okwerawo abwera nthawi yanji ndipo akapanda kubwera aimbiridwe ndani. Makiyi a galimoto apite ndi okwera, otsala akunyowa panja, zimachitika ndithu.

Kutha batire ndi mavidiyo a TikTok pokwera. Mafoni awiri m'gulu azimitsidwe, asungidwire mavuto.

Kusauza munthu aliyense wotsala ku Harare kuti mwapita phiri liti ndipo mubwera liti.

Kutenga ana aang'ono ku Nyangani nyengo ya mvula chifukwa kunyumba kulibe owasiyira. Apiteni nawo ku Domboshava mu Ogasiti.

Kuvala sikipa ya gulu yokha chifukwa jekete ibisa zolembazo pa chithunzi. Jambulitsani patsinde, kenako valani jekete.

Kubwerera osakalembetsa ku ofesi ya paki kuti mwatsika. Anthu aja amawerenga maina, akaona kuti gulu lanu silinabwere ayamba kukufunani m'phiri muli pa Headlands mukudya chimanga chowotcha.